Tiyambire pati powerenga malamulo oyendetsera dziko lathu?

Aphunzitsi Kamwendo:
Moni nonse pagulu pano. Tinagwirizana kuti mwezi uno tisamangotumizirana nkhani za ndale n'kumakangana, koma titenge mutu umodzi n'kuuphunzira mozama. Ine ndasankha malamulo oyendetsera dziko lino, aja ena amati konsitichushoni. Buku lonse lili pa intaneti pa MalawiLII. Pempho langa ndi lakuti tisayambe ndi gawo 1 n'kumatsika ngati tikuloweza za mayeso. Tiyambe ndi mbiri, chifukwa pafupifupi gawo lililonse la malamulo a lero linalembedwa poyankha chinthu china chowawa chimene chinachitikadi m'dziko muno.

Chilandirireni ufulu wodzilamulira takhala ndi malamulo otere katatu. Oyamba anabwera pa 6 Julayi 1964. Mfumukazi ya ku Britain inali idakali mutu wa dziko, woiimira kuno anali Sir Glyn Jones, ndipo Dr Kamuzu Banda anali nduna yaikulu. Mmenemo munali mutu wa ufulu wa anthu. Patangotha miyezi iwiri nduna zinasemphana ndi Kamuzu. Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa, pamene Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Masauko Chipembere anatula pansi maudindo. Pa 6 Julayi 1966 kunabwera malamulo achiwiri: dziko linakhala lipabuliki, chipani chololedwa chinali MCP yokha, ndipo mutu wa ufulu wa anthu uja anauchotsa. Mu 1971 anawonjezera kuti Kamuzu ndi pulezidenti wamuyaya. Achitatu ndi awa tili nawowa, a 1994.

Yamikani wa ku Ndirande:
Aphunzitsi, ndikupatsani ulemu, koma ndifunse mosabisa. Kuwerenga buku limeneli kutithandiza chiyani? Chimanga chakwera, feteleza sitikumukwanitsa, anyamata tili pa ulova ndi masatifiketi m'chikwama. Akuluakulu amaphwanya malamulowa dzuwa likuswa mtengo ndipo palibe chimawachitikira. Kwa ine ndi pepala basi.

Agogo Mbewe:
Mdzukulu wanga Yamikani, mawu wayankhulawa ukanawayankhula mu 1980 pa depoti ya basi, usiku womwewo ukanatengedwa. Zimenezi sindikukuopseza, ndikukuuza zomwe tinaona ndi maso. Pachipata cha msika ankaima anyamata a yufi ovala malaya ofiira. Wopanda khadi la chipani sankalowa, ngakhale wangobwera kudzagula mchere. Mayi woyembekezera ankatha kumuuza kuti agule makhadi awiri, lina la mwana ali m'mimbayo. Anzathu a Mboni za Yehova anakana khadilo, boma linaletsa mpingo wawo mu 1967, ndipo mu 1972 miyandamiyanda anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique nyumba zawo zitatenthedwa. Mnansi wanga anasiya nkhokwe yodzaza ndi chimanga, sanabwererenso.

Tsopano tsegula gawo 32. Likuti munthu asakakamizidwe kulowa bungwe lililonse. Iwe ukawerenga uona mzere umodzi wamba. Ine ndikawerenga ndimaona chipata cha msika chija.

Mayi Nasibeko:
Zikomo agogo. Ine ndimagwira ntchito yothandiza anthu pa nkhani za malamulo m'ndende ndi m'mapolisi, ngakhale si ine loya. Ndiwonjezere chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri. Orton Chirwa anali loya woyamba wachikuda m'dziko muno, ndi amene anayambitsa MCP mu 1959, ndipo anali nduna ya zachilungamo. Mu Disembala 1981 anagwidwa pamodzi ndi akazi awo a Vera Chirwa, nawonso loya. Mlandu wawo woukira boma sunapite ku khothi la oweruza ophunzira malamulo. Unapita ku khothi la mafumu, kumene loya sankaloledwa kuimira munthu, chifukwa kuyambira 1969 makhothi amenewa anapatsidwa mphamvu zozenga milandu ikuluikulu. Mu 1983 anawalamula kuti aphedwe, kenako chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Mayi Vera anatuluka mu Januwale 1993.

Ndiye mukaona gawo 42 likunena kuti womangidwa ali ndi ufulu woimiridwa ndi loya, ndi gawo 110 likunena kuti makhothi a kumudzi azingozenga milandu ya chikhalidwe ndi milandu ing'onoing'ono, dziwani kuti olembawo ankadziwa bwino dzina la munthu amene anafera ku Zomba patangotsala chaka ndi miyezi kuti iwo ayambe kulemba.

Chisomo ku Joni:
Moni makolo ndi abale. Zimenezi ndikuvomereza, koma tisawatamande mopitirira malamulo athuwa. Taonani mmene anabadwira. Kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Chakufwa Chihana anamangidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe mwezi wotsatira. Riferendamu inachitika pa 14 Juni 1993, nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, inapambana tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi mavoti pafupifupi 63 pa 100 alionse. Kuchoka apo panatsala miyezi yosakwana 12 kuti chisankho chichitike. Bungwe la National Consultative Council, momwe munali nthumwi za zipani, ndi limene linayendetsa ntchito yolemba, mothamanga. Nyumba ya Malamulo yakale ija ya chipani chimodzi inawavomereza pa 16 Meyi 1994, mawa lake anthu n'kukavota, pa 18 Meyi n'kuyamba kugwira ntchito mongoyembekezera kwa chaka chimodzi.

Kuno ku South Africa anatenga zaka ziwiri, kuyambira 1994 mpaka 1996, ndipo maganizo amene anthu wamba anatumiza anafika pafupifupi 2 miliyoni. Kwathu mlimi wa ku Nsanje kapena msodzi wa ku Nkhata Bay anafunsidwa liti? Mwina n'chifukwa chake Yamikani akuwaona ngati a eni ake.

Aphunzitsi Kamwendo:
Achimwene a Chisomo mwakhudza penipeni. Kuthamangako kunalipo, ndipo chaka choyembekezera chija chinaikidwa dala kuti anthu apeze mpata wopereka maganizo. Mu Febuluwale 1995 kunachitika msonkhano waukulu ku Lilongwe wounika malamulowa. Koma womaliza kulankhula anali aphungu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa kwa ine mtima wa nkhani yonse uli pano.

M'malamulo a 1994 munali gawo 64. Linkapatsa mphamvu anthu a m'dera kuti achotse phungu wawo nthawi yake isanathe ngati sakuwatumikira. Aphungu analifafaniza mu 1995, malamulowa asanakhazikike n'komwe. Munalinso nyumba yachiwiri, Seneti, ya mipando 80: mafumu, oimira maboma, ndi oimira magulu monga amayi, olumala, alimi, amalonda ndi azipembedzo. Nyumbayi sinakhalepo ngakhale tsiku limodzi. Anayamba aikankhira kutsogolo, mu 2001 anaichotseratu. Zonse ziwirizi zinachoka popanda riferendamu. Koma udindo wa wachiwiri kwa wachiwiri wa pulezidenti, umene munalibe poyamba, anauwonjezera msangamsanga kuti Chihana alowe m'boma la a Muluzi.

Taonani bwino. Zimene zinkapereka ndodo m'manja mwa ovota ndi zimene zinayamba kuchotsedwa, ndipo ochotsawo ndi omwe ndodoyo inali kuwayang'ana.

Bambo Gondwe a ku Mzuzu:
Pa gawo 64 ndisiyana nanu aphunzitsi. Ine ndakhalapo m'komiti ya chipani kudera, ndikudziwa mmene zimakhalira. Likanakhalapo gawoli, amene wagonja pa chisankho akanayamba kusonkhanitsa masiginecha sabata yotsatira. Wolemera akanagula mayina ndi sopo ndi mchere. Dera lililonse bwenzi kuli chisankho chapadera chaka ndi chaka, ndalama zake zochokera m'thumba la boma lomweli. Komanso tinene zoona, ambiri sitiyeza phungu ndi malamulo amene wapanga. Timamuyeza ndi mabokosi a maliro amene wagula ndi galimoto imene watumiza kudzanyamula wodwala. Phungu wolimba pa ntchito ya m'Nyumba koma wopanda ndalama akanachotsedwa msanga kuposa wakuba wopatsa.

Mayi Nachisale:
Bambo Gondwe, zimene mwanenazo ndi zifukwa zolikonzera bwino gawolo, osati zolichotsera. Akanatha kunena kuti phungu asakhudzidwe m'zaka ziwiri zoyamba, kapena kuti osayina akhale oposa theka la onse olembetsa m'deralo, ndipo bungwe loyendetsa zisankho litsimikize dzina lililonse. Kwathu phungu wina titamusankha anasamukira ku tauni, tinadzamuonanso patatha zaka zinayi atanyamula nsalu za chipani. Mlatho unakokoloka, ana anasiya kuwoloka kupita kusukulu nyengo yonse ya dzinja, ife tilibe pomugwira. Zaka zisanu n'zambiri kwa mwana wa Sitandade 3.

Bambo Gondwe a ku Mzuzu:
Mayi, za mlathozo ndi ntchito ya khonsolo ndi makhansala kwenikweni. Ndipo apo pali bala lina. Malamulo amanena za maboma ang'ono, koma makhansala tinasankha mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 tinakhala opanda khansala mpaka 2014. Zaka zonsezo anthu anazolowera kuti chilichonse n'kwa phungu. Komabe mfundo yanu ya zaka ziwiri ndi theka la olembetsa ndaimva, ndingathe kuiganizira.

Tadala:
Pepani, ine ndine wamng'ono pagulu pano, ndili Fomu 4. Timamva za Sekishoni 65 kawirikawiri. Kodi si imene inalowa m'malo mwa 64?

Aphunzitsi Kamwendo:
Funso labwino Tadala. Ayi, ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo zonse zinalimo kuyambira pachiyambi. Gawo 65 likuti phungu amene anasankhidwa pa tikiti ya chipani china akachoka n'kulowa chipani china chimene chili m'Nyumbamo, sipikala alengeze kuti mpando wake uli wopanda munthu. Nkhaniyi inavuta kwambiri Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu Febuluwale 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri n'kumutsatira. Mu Juni 2007 khothi la Supreme linagamula kuti gawoli ndi lovomerezeka. Otsutsa anati sakambirana bajeti mpaka sipikala achotse osamukawo, boma linati bajeti kaye, osamukawo anathamangira kukhothi kukatenga ziletso. Bajeti inachedwa miyezi, ndipo nyumbayo inafika 2009 gawoli lisanagwire gulu lija. Kusiyana kwake n'koti pa 65 odandaula amakhala zipani, woweruza ndi sipikala. Pa 64 mwini nkhani anali wovota.

Yamikani wa ku Ndirande:
Ndiye mwandithandiza kunena zomwe ndimanena zija. Chimene chikuwapweteka amachotsa, chimene sangachotse amachinyalanyaza.

Agogo Mbewe:
Osafulumira mdzukulu. Pali masiku amene bukuli linaima nji, akuluakulu n'kubwerera. Gawo 83 likuti pulezidenti alamulire matemu awiri otsatizana basi. Linalembedwa ndi anthu amene anali atatopa ndi mawu oti wamuyaya. Mu 2002 anabweretsa bilu yochotsa malirewo kuti a Muluzi aimenso. Mipingo inakana, bungwe la azipembedzo la PAC linakana, maloya anakana, anthu m'tauni anavala kansalu kapepo pachifuwa, oyendetsa galimoto ankaliza mahutala. Pa 4 Julayi 2002 biluyo inagwa m'Nyumba, inaperewera mavoti atatu okha kuti ikwane magawo awiri mwa atatu. Atatu okha! Anayesanso ndi bilu ya teremu yachitatu kumayambiriro a 2003, osaphula kanthu.

Kenako Epulo 2012. Bingu anamwalira pa 5, ena m'boma anayesa kubisa ndi kufunafuna njira yoti wachiwiri wake asatenge mpando chifukwa anali atachotsedwa m'chipani. Masiku awiri amenewo tinagona ndi wailesi kukhutu. Koma gawo 83 lomwelo linali litanena kale kuti mpando ukakhala wopanda munthu wachiwiri ndiye amalowa, asilikali anaima pa lamulo, ndipo pa 7 Epulo Mayi Joyce Banda analumbira popanda mfuti kulira. Akulu akale anati nkhanga zinapangana kusanapse. Tikanayamba kukambirana wolowa m'malo maliro ali m'nyumba, sindikudziwa kuti tikanathera kuti.

Amalume a ku Chipata:
Ndilonjere abale a ku Malawi. Ife kuno ku Zambia tinachita kusintha malamulo mu 2016 kuti wopambana upulezidenti apeze mavoti oposa theka. Inu munafika pomwepo kudzera kukhothi, ndipo tinkatsatira mwachidwi. Tafotokozani bwino mmene zinayendera.

Mayi Nasibeko:
Amalume, gawo 80, lonena za kasankhidwe ka pulezidenti, mpaka pa chigamulo cha 2020 linali lomwe lija la 1994, linali lisanasinthe pa mfundo imeneyi. Chisankho cha 1999 chitatha, a Gwanda Chakuamba anakadandaula, ndipo mu 2000 khothi la Supreme linati wopambana ndi amene waposa anzake, ngakhale asafike theka. Tinayenda choncho zaka 20. Pa chisankho cha 21 Meyi 2019 a Peter Mutharika analengezedwa opambana ndi mavoti pafupifupi 38.6 pa 100. A Lazarus Chakwera ndi a Saulos Chilima anakasuma. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Mike Tembo, anawerenga chigamulo tsiku lonse, chikuulutsidwa pa wailesi ndi kumasuliridwa m'Chichewa. Anafafaniza chisankhocho chifukwa cha zolakwika zochuluka, kuphatikizapo mapepala a zotsatira opakidwa Tipp-Ex, ndipo anati gawo 80 limafuna mavoti oposa theka. Khothi la Supreme linavomereza pa 8 Meyi, chisankho chatsopano chinachitika pa 23 Juni 2020.

Kaya munthu anakondwa kaya anakhumudwa ndi amene anapambana, phunziro la gulu lathu ndi lakuti kuwerenga buku lokhalo sikukwana. Tiyenera kuwerenganso zigamulo, chifukwa mzere womwewo makhothi anaumva mwina mu 2000, n'kudzaumva mwina mu 2020. Ndipo tsiku lija ndinaona amayi ogulitsa tomato ataunjikana pa kawailesi kamodzi, kasitomala akuitana iwo osamumva. Anthu si kuti safuna kudziwa malamulo. Akawamva m'chinenero chawo amatchera khutu.

Chisomo ku Joni:
Pa chinenero pomwepo, gawo 51 likuti wofuna uphungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atenge nawo mbali m'zokambirana za m'Nyumba. Pamene gawo 26 likuti aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito chinenero chimene wafuna. Mayi wanzeru amene wayendetsa kalabu ya alimi zaka 20 sangaimire dera lake, ndipo anthu ake akatsegula wailesi samva zimene phungu wawo akunena. Ichi chimandiwawa kwambiri.

Bambo Gondwe a ku Mzuzu:
Chimandiwawa nanenso, koma tisamale. Mukachotsa Chingerezi n'kuika Chichewa chokha, ife a Chitumbuka tikumbuka 1968 pamene chinenero chathu chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Ngati tisintha, pakhale omasulira a Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi zina.

Mayi Nachisale:
Ndibwerere kwa mwana wanga Yamikani, chifukwa funso lake la chimanga silinayankhidwe. N'zoona kuti zinthu monga chakudya chokwanira ndi zaumoyo zili kwambiri mu gawo 13, limene ndi mfundo zotsogolera boma, ndipo gawo 14 likunena poyera kuti ndi zolondolera chabe, ngakhale makhothi angaziganizire pogamula. Gawo 30 la ufulu wa chitukuko limatchula chakudya, maphunziro, zaumoyo ndi ntchito, koma silinagwiritsidwe ntchito mokwanira. Apo malamulo athu ndi ofooka, ndipo ndikugwirizana nawe.

Koma pali pamene ine ndawaona akugwira ntchito m'mudzi. Ndili m'gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulu. Kale gawo 22 linkalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa ngati makolo avomera. Lamulo la maukwati la 2015 linati zaka 18, koma makolo ena ouma mutu ankadziwa kuti lamulo lalikulu likuwalolabe. Mu Febuluwale 2017 aphungu anasintha malamulo oyendetsera dzikowo, mwana akhala aliyense wosakwana zaka 18. Mafumu ngati Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza anali atayamba kale kuthetsa maukwati a ana. Lero tikapita pakhomo pamene akonza zokwatitsa mwana, timakhala pamkeka, timapereka moni mwaulemu, kenako timauza mwini mbumba kuti nkhaniyi si ya banja lokha ayi, lamulo lalikulu la dziko likukana. Ndaona amalume ake a mwana akubweza ndalama zimene analandira, mwana n'kuvalanso yunifolomu.

Mayi Nasibeko:
Chinanso cha anyamata a m'tauni ngati iwe Yamikani. Ukudziwa vakabu. Wogulitsa majumbo wina ku Blantyre anamangidwa mbandakucha akupita kumsika, pa lamulo lachitsamunda lija lololeza apolisi kugwira munthu chifukwa chongomuganizira. Sanangolipira faindi n'kupita. Anakasuma mothandizidwa ndi maloya, ndipo mu Januwale 2017 khothi lalikulu linati ndime imeneyo ya malamulo a milandu ikusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, choncho ndi yopanda mphamvu. Zimenezi zimatheka chifukwa cha gawo 5, limene likuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chotsutsana ndi bukuli n'chachabe. Mu 2023 khothi la ku Zomba linagamulanso kuti ana achirasta asathamangitsidwe m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Onsewa si anthu olemera.

Yamikani wa ku Ndirande:
Chabwino mayi, ndiye ndithandizeni pa nkhani yeniyeni. Msuweni wanga anamutenga Lachisanu madzulo pa nkhani ya foni yobedwa imene anagula kwa munthu. Lero ndi Lachitatu, akadali m'chitokosi. Azakhali anga akuti auzidwa kuti apeze ndalama ya belo, ndipo akufuna kugulitsa mbuzi. Bukuli likuti chiyani pamenepa?

Mayi Nasibeko:
Auzeni azakhali asagulitse mbuzi. Belo ya kupolisi ndi yaulere, salipira ngakhale tambala imodzi. Khothi lokha ndi limene lingaike ndalama ya belo, ndipo zikatero pamakhala lisiti ya boma.

Gawo 42 likuti womangidwa afikitsidwe kukhothi pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa tsiku limene khothi siligwira ntchito, amufikitse tsiku loyamba lotsatira limene khothi latsegula. Kwa msuweni wakoyo tsiku limenelo linali Lolemba. Akapanda kutero ayenera kumutulutsa. Alinso ndi ufulu wouzidwa mlandu wake m'chinenero chimene amamva, wokhala chete, ndi wokana kusayina chikalata chimene sanachimvetse.

Mawa m'mawa mupite anthu awiri akuluakulu okhala ndi malo odziwika, mutenge ziphaso zanu za unzika kuti mukhale mboni zomuimira. Mupemphe mwaulemu kuonana ndi mkulu wa polisiyo, osati amene ali pa kauntala yekha. Munene tsiku ndi nthawi imene anamangidwa, mutchule gawo 42, mupemphe belo kapena kuti apite naye kukhothi tsiku lomwelo. Ngati pali amene anaona akugula foniyo, kapena uthenga wa pa foni wosonyeza kuti analipira, musunge bwino. Zikakanika, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau ku Blantyre konko kapena kwa kalaliki wa khothi la majisitireti mukafotokoze. Dzina la wapolisi amene watchula za ndalamayo mulilembe penapake pamodzi ndi tsiku lake, koma musalitumize pagulu pano.